Tsiku limodzi silioza mbewa: mawu kwa amene achepetsa nsima kenako n'kupunthwa

 Lero ndabwera ndi nkhani ya m'mbale. Ena mwina munena kuti mkulu wa mpingo wasowa cholalikira, koma lezani mtima mpaka kumapeto. Thupi limene timapita nalo ku tchalitchi ndi lomwelo limene anzathu adzalinyamule popita kumanda, ndipo ambiri mwa ife tikufulumizitsa ulendowo ndi zimene timadya.

Papita zaka zingapo tsopano chiyambireni kuona abale ndi alongo akuchokera kuchipatala ndi mawu amodzimodzi, akuti adokotala andiuza kuti ndichepetse thupi. Ena awapeza ndi matenda a shuga, ena kuthamanga kwa magazi, ena maondo akukanika kunyamula katundu amene asenzetsedwa. Sitili tokha pa vutoli. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zapakati pa 25 ndi 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Kafukufuku wina wa boma wa mu 2015 mpaka 2016 anapezanso kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali wonenepa kupyola muyeso. Matenda amene kale tinkati ndi a anthu a m'tauni anafika kalekale pa msika wa Chiponde.

Njira imene ambiri atsata ndi yochepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa ndi zotsekemera: nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, buledi, mandasi, zitumbuwa, thobwa, shuga wa mu tiyi ndi zoziziritsa kukhosi, n'kumadalira nsomba, mazira, nyama, masamba, mtedza ndi mapeyala. Ana athu a ku Joni amaitcha Banting. Dzinali ndi la William Banting, mkulu wina wa ku London amene ntchito yake inali yokonza maliro ndi mabokosi ake, ndipo mu 1863 analemba kabuku kofotokoza mmene anatsitsira thupi lake ndi makilogalamu pafupifupi 20 atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa njirayi inatchuka kwambiri kuyambira cha mu 2013 kudzera mwa Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, ndipo kwathu kuno inafika ndi obwerera kumudzi komanso pa WhatsApp. N'zoseketsa ndithu kuti wotiphunzitsa kutalikira bokosi anali wogulitsa mabokosi, koma mwina iyeyo ndi amene ankadziwa bwino kulemera kwake.

Tsono funso limene limandipeza kawirikawiri tikatuluka m'mapemphero a kumiraga limamveka motere: "Akulu a mpingo, ndinadzisunga bwinobwino milungu isanu ndi umodzi. Koma Loweruka ku ukwati ndinadya mpunga, ndinamwa zoziziritsa kukhosi, keke nayonso sindinaikane. Lolemba ndakwera pa sikelo, ndapeza makilogalamu awiri abwerera. Kodi khama langa lonse lalowa m'madzi?" Wofunsayo amakhala ataweramitsa mutu ngati munthu woitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo. Yankho langa ndi ili: khama lanu silinalowe m'madzi, koma madzi ndi amene alowa mwa inu. Makolo athu anati tsiku limodzi silioza mbewa, ndipo ngakhale kuno ambiri sadya mbewa, mwambiwu timaumva tonse. Chimene chimaononga ulendo wochepetsa thupi ndi zimene munthu amadziuza m'mawa mwake atapunthwa.

Tiyambe ndi mmene Mlengi anapangira thupili. Nsima ndi mpunga zikalowa m'mimba zimasanduka shuga wa m'magazi. Shuga amene sanagwire ntchito nthawi yomweyo, thupi limamuika mu kankhokwe kapafupi, m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo achipatala amamutcha glaikojeni. Munthu wamkulu amasunga pafupifupi theka la kilogalamu ya glaikojeni ameneyu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Munthu akasiya zokhutitsa, kankhokweka kamayamba kutha, ndipo madzi aja amatuluka ndi mkodzo. N'chifukwa chake mlungu woyamba thupi limatsika mofulumira mpaka munthu kuyamba kuchitira umboni kwa aliyense. Akadyanso mpunga ku ukwati, kankhokwe kaja kamadzaza, madzi aja n'kubwerera. Theka la kilogalamu pamodzi ndi madzi ake zimafika pa makilogalamu awiri. Onjezerani mchere wa mu ndiwo za paphwando, umene nawonso umagwira madzi m'thupi, ndi chakudya chimene chikadali m'matumbo. Amenewo ndiwo makilogalamu amene sikelo inakuonetsani Lolemba. Mukabwerera pa kadyedwe kanu, amachoka okha pakapita masiku ochepa.

Mafuta a m'thupi ndi nkhokwe ina, yaikulu, imene siidzaza ndi dengu limodzi. Mphamvu ya chakudya imayezedwa ndi muyeso wotchedwa kalori. Kuti thupi liunjike kilogalamu imodzi ya mafuta, munthu ayenera kudya makalori pafupifupi 7,700 pamwamba pa amene thupi lake lagwiritsa ntchito. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ya mafuta ikufanana ndi nsima ya ufa woposa makilogalamu awiri, yodyedwa ndi munthu mmodzi pamwamba pa chakudya chake cha tsikulo. Amayi a Mvano amene mumaphika pa misonkhano mukudziwa kukula kwa mphika wa ufa wotere, ndi chiwerengero cha anthu amene umakhutitsa. Palibe mlendo wa paukwati amene anadyapo wotere pa mphasa imodzi. Mafuta amene munawasungunula m'milungu isanu ndi umodzi sangabwerere onse ndi mbale imodzi.

Alipo ena amene amachepetsa zokhutitsa kotheratu, mpaka kutsika pansi pa magalamu 50 patsiku. Mwa oterewa chiwindi chimayamba kusandutsa mafuta kukhala chakudya cha ubongo ndi minofu, ntchito imene achipatala amaitcha ketosisi. Mbale imodzi ya mpunga imaimitsadi ntchito imeneyi, ndipo kwa ambiri pamatenga masiku awiri kapena anayi kuti iyambirenso. M'masiku amenewo mutu umatha kupweteka, thupi kufooka, ndipo chilakolako cha zotsekemera chimadzuka ngati mwana amene wamva kununkhira kwa mandasi. Umenewo ndi mtengo weniweni wa kupunthwa, ndipo sindikuubisa. Koma masiku anayi ndi ochepa pa ulendo wa chaka chathunthu. Wakabaza amene akukwera mapiri a Chowe kuchokera ku Mangochi, phazi likaterereka pa pedulo, satsetserekera dala mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi kuti akayambirenso. Amaponda pansi, amapuma, n'kupitiriza kuchokera pomwe waimapo.

Ngozi yaikulu ili mumtima. Mu 1975 akatswiri awiri a za maganizo a anthu ku America, Peter Herman ndi Deborah Mack, anachita kafukufuku pa atsikana a pa yunivesite. Ena anawapatsa chakumwa cha mkaka chotsekemera kwambiri, ena sanawapatse, kenako onse anawaikira ayisikilimu kuti alawe mmene angafunire. Atsikana amene sankadziletsa pa kadyedwe, atamwa chakumwa chija anadya ayisikilimu wochepa, poti anali atakhuta. Koma amene ankadziletsa pofuna kuchepetsa thupi anachita zosiyana: atamwa chakumwa chija anadya wochuluka kuposa anzawo odziletsa amene sanamwe. Mumtima mwawo anati lamulo ndaswa kale, basi ndingodyeratu. Katswiri winanso, Alan Marlatt wa ku yunivesite ya Washington, amene anathera moyo wake pothandiza anthu osiya mowa ndi fodya, anaphunzitsa kuti kuterereka kamodzi n'kosiyana ndi kubwereranso ku khalidwe lakale, ndipo chimene chimalumikiza ziwirizi ndi manyazi ndi kudziona ngati wolephera.

Akulu a mpingo sitifunika kupita ku America kuti tidziwe zimenezi. Taziona pa mabenchi athu. Mkhristu akajomba Sabata limodzi, Sabata lachiwiri amachita manyazi kuti anthu andifunsa, lachitatu amati ndatalikira kale, ndipo pakutha pa chaka dzina lake lili m'gulu la obwerera m'mbuyo. Chinamuchotsa mu mpingo ndi manyazi a Sabata lachiwiri lija. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Momwemonso amene wadya keke Loweruka amati Lamulungu ndingomaliza yotsalayi, ndidzayambiranso Lolemba. Lolemba sikelo imamuonetsa madzi aja, iye n'kuyesa mafuta, mtima n'kugwa, n'kuti ndidzayamba mwezi wamawa. Mwezi wamawawo umasanduka Januwale, ndipo Januwale akamafika thupi limakhala litapyola pomwe linayambira.

Ndisanatsegule Baibulo ndinene momveka kuti kudya nsima si tchimo. Pa Marko 7 Ambuye anaphunzitsa kuti chodetsa munthu chimachokera mumtima, osati m'mbale, ndipo mtumwi Paulo pa Aroma 14 analetsa Akhristu kuweruzana pa nkhani ya zakudya. Nsima ndi mphatso ya Mulungu imene inalera makolo athu ndi ife tomwe. Ngakhale a sayansi sanapeze kuti njira ya Banting ndi yokhayo yothandiza. Mu 2018 yunivesite ya Stanford inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 amene anawatsata kwa chaka chathunthu. Theka linachepetsa zokhutitsa, theka linachepetsa zamafuta, ndipo magulu onse awiri anatsika ndi makilogalamu apakati pa 5 ndi 6, popanda kusiyana kwenikweni. Choncho chimene chimapindula ndi kupirira pa njira imene wasankha. Ndikamatchula za Petro ndi Yudasi, sindikuika mandasi pa mulingo umodzi ndi kupereka Ambuye. Ndikungoonetsa kuti mtima wa munthu umayenda mofanana pa zazikulu ndi pa zazing'ono.

Petro ndi Yudasi anagwa usiku umodzi. Mmodzi anagulitsa Mbuye wake, wina anamukana katatu pamene ankaotha moto. Onse awiri anamva chisoni chachikulu. Yudasi anaona kugwa kwake ngati mapeto a zonse, anadzipatula, ndipo anadziweruza yekha. Petro analira, koma anakhalabe pakati pa abale. Pa Yohane 21 timamupeza ali pa nyanja akusodza, ndipo Ambuye woukitsidwayo akumudikira pagombe atasonkha moto wamakala, nsomba zili pamoto, mkate uli pambali. Ife a kufupi ndi nyanja chithunzi chimenechi timachidziwa, pakuti ndi kadzutsa wa asodzi a ku Malombe ndi ku Makanjira. Taonani dongosolo lake: Ambuye anayamba wamudyetsa Petro, kenako anamufunsa za chikondi chake, pomaliza anamubwezera pa ntchito. Sanamupatse masiku osala kudya ngati chindapusa. Buku la Miyambo 24:16 nalonso limamuwerengera munthu wolungama maulendo asanu ndi awiri a kugwa, ndipo chomusiyanitsa ndi woipa ndi chakuti iye sakhalitsa pansipo.

Koma msewu uliwonse uli ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Ndachenjeza za kutaya mtima, tsopano ndichenjeze za kudzinamiza. Alipo amene amva mwambi wa mbewa uja n'kusangalala, kuti akulu a mpingo atiloleza. Paulo pa Aroma 6 anakumana ndi anthu a maganizo otere, amene ankafuna kusandutsa chisomo kukhala chilolezo, ndipo anawakaniza kwamtuwagalu. Mwambi unati tsiku limodzi. Sunati tsiku limodzi pa masiku atatu alionse. Mbewa yosiyidwa mlungu wathunthu imaola ndithu.

Tiyeni tiwerenge moona mtima masiku amene timawatcha apadera kuno kwathu, makamaka nyengo yokolola ikadutsa. Pali chinkhoswe, pali ukwati. Pali maliro, ndipo ife a mpingo sitijomba maliro. Pali kumanga ziliza. Pali zinamwali zikamatuluka, pamene mudzi wonse umaphika mpunga. Pali Idi, pamene anansi athu achisilamu amatitumizira mbale mwa chikondi, ndipo nafenso timawabwezera pa Khirisimasi. Pali Pepa Sande, msonkhano wa Mvano, msonkhano wa akulu a mpingo umene sutha popanda mabanzi ndi mabotolo. Pali mlendo wochokera ku Joni, pali tsiku la msika pamene buledi wa ku Mandimba akununkhira. Munthu amene amati ndimangoterereka mwa apo ndi apo, atati alembe m'kope, angapeze kuti mwezi umodzi waterereka kasanu ndi katatu. Pamenepo mwambi woyenera ndi wina uja wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tiyerekeze ndi masamu a kusitolo. Munthu akamadya makalori 500 ochepera pa amene thupi lake limafuna tsiku lililonse, pa masiku asanu ndi limodzi wasunga 3,000. Tsiku lachisanu ndi chiwiri akapita kuphwando n'kudya 1,500 opyolera, theka la phindu la mlunguwo lapita, koma theka latsala, ndipo thupi lipitirizabe kutsika ngakhale mochedwa. Akachita zimenezi kawiri pa mlungu, phindu lonse latha. Iye adzadabwa kuti nsima anaisiya kalekale koma sikelo siikusuntha, mwinanso adzayamba kukayikira kuti wina wamuchita chipongwe. Wamalonda aliyense wa pamalire pano amadziwa kuti kutapa mu mpamba kamodzi sikugwetsa bizinesi, koma kutapa Loweruka lililonse kumatseketsa okala. Kuterereka kumene kwapatsidwa tsiku lake pa kalendala kwasanduka kadyedwe.

Mawu apadera apite kwa inu amene muli ndi matenda a shuga, chifukwa kwa inu nkhaniyi ikupyola pa sikelo. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limatha kukhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Bungwe la World Health Organization mu 2015 linalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni pafupifupi 12 a shuga woonjezera patsiku, ndipo ndi bwino koposa atakhala pansi pa 6. Mabotolo awiri a paukwati apyola kale malire a tsiku lonse. Kwa wodwala shuga, kukwera kwa shuga m'magazi kobwerezabwereza ndi kumene kumaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. Komanso pali ngozi ina yofulumira kuposa imeneyi. Munthu amene amamwa mankhwala monga glibenclamide kapena amabaya insulini, akadzilanga posala kudya tsiku lotsatira koma mankhwala n'kumwabe, shuga wake amatha kutsika kwambiri mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, ngakhale kukomoka kumene. Aliyense amene ali pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, kapena ali ndi vuto la impso, asayambe kadyedwe aka asanakambirane ndi achipatala, pakuti mwina mulingo wa mankhwala ake ungafunike kusintha. Safunsa anadya phula.

Nanga wapunthwa achite chiyani? Abwerere pa chakudya chotsatira chomwecho, osadikira Lolemba kapena mwezi watsopano. Ngati mwadya mpunga masana, madzulo muphike usipa kapena utaka ndi nkhwani wotendera, mudye mukhute, muyamike Mulungu, mukagone. Musadzilange ndi njala, chifukwa njala yodzipatsa dala imabala kudya kopyola muyeso tsiku linalo. Imwani madzi, yendani pansi, gwirani khasu monga mwa masiku onse. Sikelo muisiye kaye masiku anayi kapena asanu kuti madzi aja atuluke, ndipo muzikwerapo kamodzi pa mlungu, m'mawa, tsiku lomwelomwelo. Chingwe choyezera m'chiuno kapena lamba wa buluku nthawi zambiri zimanena zoona kuposa sikelo ya tsiku limodzi. Keke yotsala musaisunge m'nyumba ngati mlendo wolemekezeka, igaweni.

Ndipo pokonzekera phwando lotsatira, kumbukirani Esau. Pa Genesis 25 anabwera kuchokera kuthengo ali ndi njala yoopsa, ndipo njalayo inamuchititsa kuona mbale ya mphodza ngati yoposa ukulu wake. Munthu wanjala saganiza zamawa. Musapite ku ukwati m'mimba muli pululu poganiza kuti mukusungira malo. Idyani mazira awiri kapena mtedza wodzaza dzanja musananyamuke. Mukafika, sankhiranitu chinthu chimodzi chimene mulawe, kaya ndi mpunga pang'ono, kaya ndi kachidutswa ka keke, osati zonse pamodzi. Yambani ndi ndiwo, ndipo m'malo mwa botolo pemphani madzi. Munthu amene wasankha yekha kulawa amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, pamene amene wagonja mosakonzekera amabwerera ndi manyazi aja amene tawaona kuti ndiwo mdani wamkulu.

Tsopano nditembenukire kwa tonse amene sitili pa kadyedwe aka, chifukwa kupunthwa kwa abale athu nthawi zambiri mwala wake timaika ndife. Pachikhalidwe chathu kukana chakudya kumaoneka ngati kunyoza mwini nyumba, ndipo mlendo akasiya mtanda timamufunsa ngati takuphikirani moipa. Chikondi chimenechi n'chabwino, koma chikondi chokakamiza wodwala shuga kumaliza mitanda iwiri ndi botolo chikufanana ndi kumukumbatira munthu pamene pali chilonda. Mbale wanu akati theka la mtanda landikwanira, muvomereni, muonjezereni ndiwo. Pempho langa kwa amayi a Mvano, kwa madikoni ndi kwa akulu anzanga ndi lakuti pa misonkhano yathu pazikhalanso madzi abwino akumwa, tiyi wosathira shuga, mtedza wokazinga kapena mazira owiritsa pambali pa mabanzi. Mtengo wake sungapose wa makireti amene timagula. Paulo pa Aroma 14 pomwe paja anatiuza kuti tisaike chokhumudwitsa pa njira ya mbale wathu, ndipo nkhani imene ankakamba inali ya chakudya.

Chinanso ndi lilime lathu. Munthu akanenepa timamuyamikira kuti zikukuyenderani, banja lakuyanjani. Akayamba kutsika thupi, manong'onong'o amayamba kumbuyo kwa tchalitchi, kuti kodi mayi aja akudwala chiyani, kodi bambo aja anakayezetsa. Mantha amene mliri wa Edzi unatisiyira akadali m'maso mwathu, ndipo amavulaza anthu awiri nthawi imodzi: amene ali ndi kachilombo, amene ayenera kulandiridwa ndi chikondi popanda kulozedwa chala, ndi amene akumvera adokotala pochepetsa thupi. Alipo amene anasiya ulendo wabwino, n'kuyambiranso kudya mopyola muyeso, pofuna kungotseka pakamwa pa anthu. Ameneyo akadzagwa ndi sitiroko, ife amene tinkanong'ona tidzakhala oyamba kuimba nyimbo pa siwa. Tisiye kuyeza madalitso a Mulungu ndi kukula kwa mimba.

Ndisatseke osakumbukira kuti tili m'dziko limene ambiri vuto lawo ndi kusowa nsima imene enafe tikuichepetsa. Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osapyola zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba. Choncho kadyedwe aka si ka ana, si ka amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, si ka odwala amene akufunika kubwezeretsa thupi, ndiponso si ka munthu woonda kale amene amalima tsiku lonse. Bambo kapena mayi amene wachepetsa nsima asachepetsere nyumba yonse, ndipo asamalize yekha nsomba ndi mazira ana n'kutsala ndi msuzi. Ufa umene wapulumuka pa mbale yanu uli ndi kopita. Pali amasiye ndi okalamba pa mlaga uliwonse, ndipo madikoni akudziwa makomo awo. Kudziletsa kumene kwadyetsa wanjala n'kokoma pamaso pa Mulungu kuposa kumene kwangochepetsa chiuno.

Okondedwa, pa 1 Akorinto 6 timakumbutsidwa kuti thupi ili tinangosungitsidwa, Mwini wake alipo. Wosunga katundu wa mwini salitaya chifukwa chakuti tsiku lina lagwa m'manja, amalitola, amalipukuta, n'kupitiriza ulendo. Inu amene munapunthwa Loweruka lapitali, chakudya cha madzulo ano ndi mwayi wanu. Inu amene mwakhala mukuterereka mlungu ndi mlungu n'kumati ndi mwa apo ndi apo, tengani kope muwerenge, ndipo musankhe masiku ochepa amene alidi apadera. Pezani mnzanu mmodzi wa pa mlaga amene mungamuuze zoona mukagwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo ife tonse tikhale mpingo umene munthu angakanemo botolo popanda kufunsidwa mafunso.

Mulungu wa chisomo, amene amadzutsa ogwa ndi kulimbitsa ofooka, akupatseni mtima wodziletsa wopanda mantha, akudalitseni pa magome anu, ndipo akusungeni ndi moyo kuti muone zidzukulu zanu zikukula. Tionana Lamulungu. Amen.